Nkhope Yokalamba, Miyendo ya Mnyamata

Chithunzi cha Louis XIV, mfumu ya ku France, chomwe Hyacinthe Rigaud anajambula mu 1701, chili ku Louvre, nyumba yosungiramo zaluso mumzinda wa Paris, ndipo n'chachitali pafupifupi mamita atatu. Pa zithunzi za mafumu palibe chomwe chimaikidwa mwangozi, ndipo pa ichi chilichonse chili ndi ntchito yake.

Mkanjo ndiye umayamba kukopa maso. Ndi wabuluu, wodzaza ndi timaluwa tagolide totchedwa fleur-de-lis, chizindikiro cha banja lachifumu la France, ndipo mkati mwake muli ubweya woyera wa kanyama ka ermine, womwe munthu wamba sankaulota n'komwe. M'chiuno muli lupanga lotchedwa Joyeuse, lomwe ankati linali la Charlemagne, mfumu yamphamvu yomwe inalamulira zaka pafupifupi 900 m'mbuyomo, kutanthauza kuti ufumuwu si wadzulo. Pansi pa nsanamira ya kumbuyo pajambulidwa mulungu wamkazi wa chilungamo. Zonsezi ojambula ambiri a nthawiyo akanatha kuziika.

Luso la Rigaud lili pa momwe mfumu ikuchitira ndi zinthuzi. Chisoti chachifumu sichili pamutu, changoikidwa pakhushoni chapambali. Ndodo yachifumu yaigwira chozondotsa, n'kuitsamira ngati ndodo yoyendera. Ine ndimaona kuti apa ndi pomwe pagona mphamvu ya chithunzichi: mfumu ikusonyeza kuti sifunika kuvala chisoti kuti mudziwe mwini dziko.

Kenako yang'anani nkhope. Louis anali atapitirira zaka 60, mano ambiri anali atachoka, ndipo Rigaud sanabise masaya ofota pansi pa wigi yaikuluyo. Nkhopeyi anaijambula payokha pa kansalu kakang'ono, n'kudzakasokerera pa chinsalu chachikulu pambuyo pake. Koma tsikani m'munsi. Mkanjo waukankhira pambali dala kuti miyendo ioneke, yosalala, yolimba, yovala masokosi oyera a silika, itaima mwa kavinidwe ka ballet. Mfumuyi inali katswiri wovina pa unyamata wake. Mu 1653 inavina itavala ngati dzuwa, ndipo dzina loti Mfumu Dzuwa linaimatirira moyo wake wonse. Komatu pofika 1701 matenda otupitsa mfundo za mapazi ankaizunza kwambiri. Miyendo imeneyo si ya nkhalamba yodwala. Nsapato nazonso zili ndi zidendene zazitali zofiira, fashoni ya anthu apamwamba a kunyumba yachifumu.

Ndiye kuti pa chinsalu chimodzi pali anthu awiri: munthu yemwe akukalamba, ndi ufumu womwe suloledwa kukalamba.

Chithunzichi poyamba chinali mphatso yopita kwa mdzukulu wa Louis, Philip V, yemwe anali atangolowa ufumu wa Spain. Chitatha, anthu a kunyumba yachifumu anachikonda kwambiri moti Louis anachisunga ku Versailles, komwe kunali nyumba yachifumuyo, n'kulamula kuti ajambule china.