Masaya akawala pa chithunzi, dzina la matenda silinadziwike

Funso ili ndatopa nalo: "Adokotala, chithunzi chawala m'masaya, ndiye kuti ndi khansa?" Ayi, kuwala kokhako sikutanthauza khansa. Apa tikunena za chithunzi cha kuchipatala chimene timajambula titabaya munthu mankhwala mumtsempha. Kuwalako kukungosonyeza pamene mankhwala aunjikana. Chimene chawaunjikitsa pamenepo, chithunzi sichinena.

Mankhwala amene timabaya mumtsempha ndi gallium-67 citrate, amene amatulutsa radiation, mphamvu yosaoneka ndi maso imene makina ojambulira amaiona. Mawu akuti citrate asakusokonezeni, si madzi a mandimu. Mandimu timamwetsa pa kuyeza kwina, kwa mankhwala ena otchedwa technetium-99m, pofuna kuona ngati tiziwalo topanga malovu tikutulutsadi malovuwo. Gallium akalowa m'magazi amachita ngati ayironi: amakakamira ku transferrin ndi lactoferrin, mapuloteni a m'thupi amene amagwira ayironi, ndipo lactoferrin amachuluka pamene maselo oyera asonkhana kulimbana ndi kutupa. Mphamvu ya gallium imatsika ndi theka pa maola pafupifupi 78, ndipo kawirikawiri timajambula patapita maola 48 mpaka 72. Wobayitsa n'kusabweranso tsiku lojambula walandira radiation pachabe.

Tiziwalo ta malovu ta kutsogolo kwa makutu tikawala mbali zonse ziwiri, pamodzi ndi ta misozi ndi mphuno, nkhope imafanana ndi ya nyama ija yotchedwa panda, ya mawanga akuda kuzungulira maso. Anthu akangowerenga zimenezi pa intaneti amathamangira kunena kuti ndi sarcoidosis, matenda oyambitsa timatotupa m'ziwalo zosiyanasiyana za thupi. Nthawi zambiri ndi yomweyo, inde, koma matenda a Sjögren (oumitsa m'kamwa ndi m'maso), lymphoma (khansa ya maselo oyera a magazi), HIV, ngakhale radiotherapy ya m'khosi (kuchiza khansa ndi radiation), zonsezi zimawalitsa malo omwewo. Ndiponso tiziwaloti timawala pang'ono ngakhale mwa munthu wabwinobwino. N'chifukwa chake timafunabe ultrasound, kuyeza magazi, ndipo nthawi zina kudula kanyama kukapima.

Pali mayi wina amene sachoka m'maganizo mwanga. Masaya anatupa, m'kamwa gwaa, malovu osatuluka. Wina anawauza kuti ndi matsagwidi. Matsagwidi amatha m'sabata imodzi kapena ziwiri, koma iwo anakhala miyezi isanu akudikira. Anagula madzi ena ake kwa munthu wolonjeza "kusungunula chotupa". Pamene ankafika kwa ife n'kuti diso lili psuu, akulephera kuyang'ana kuwala, mbali imodzi ya nkhope itafooka. Anali sarcoidosis wa mtundu umene timati Heerfordt. Masaya anaphwa atayamba mankhwala a steroid, koma diso lija silinabwerere mwakale. Chimandipweteka n'choti kutupa kwa m'diso kumachizika kukapezeka msanga.

Ndiye tsaya lotupa kupitirira masabata awiri, makamaka ngati diso lafiira kapena nkhope yapindika, musalidikire ndipo musalipake kalikonse. Aliyense wokuuzani dzina la matenda pongoyang'ana chithunzi chimodzi pa foni akukunamizani.

Ndipo amayi, tiuzeni tisanabaye ngati muli oyembekezera kapena mukuyamwitsa. Gallium amatulukira mu mkaka wa m'mawere, moti mwana amayenera kusiya bere kwa masabata angapo, mwinanso kusiyiratu.