Zotchinga chipale padenga la malata: mafunso ndi mayankho kwa okhala kumayiko ozizira

Kwathu denga la malata timaliopera mphepo. Ikawomba yamkuntho kumayambiriro kwa dzinja, m'mawa timapeza malata ali m'munda mwa mnansi, n'chifukwa chake ena amasanjikapo njerwa ndi miyala. Ku Canada, ku Norway ndi m'zigawo zakumpoto za United States, denga lomwelo lili ndi mdani wina: chipale chofewa. Chimaunjikana pamwamba mwakachetechete kwa masabata, ndiye tsiku lina dzuwa likangowala pang'ono, chonse chimatsika nthawi imodzi. Amene mwagula nyumba m'malo ngati South Bend ku Indiana, kumene kuli Amalawi ambiri ndipo nyanja ya Michigan imabweretsa chipale chochuluka, nkhaniyi ndi yanu.

Kodi zotchinga chipale n'chiyani, ndipo n'chifukwa chiyani zimafunika kwambiri pa malata?

M'masitolo a kumeneko amazitcha snow guards. Ndi tizitsulo kapena timapulasitiki tokhomedwa padenga, mwinanso chitsulo chachitali chopingasa, kuti chipale chikhale pomwepo n'kumasungunuka pang'onopang'ono.

Lata lopentedwa ndi loterera. Kutentha kochokera m'nyumba, kapena dzuwa lotenthetsa malata, kumasungunula chipale chapansi penipeni, ndipo timadzi timeneto timasanduka mafuta oterereza mulu wonse. Mukamva mawu akuti chofewa musanyengedwe. Chongogwa kumene chimalemera pafupifupi makilogalamu 100 pa kiyubiki mita, chikakhazikika chimafika 200 kapena 300, chikanyowa chimafika 400. Mulu wotere ukagwa umathyola ngalande za madzi za m'mphepete mwa denga, umazula mapaipi otulukira padenga, umaphwanya galasi la galimoto kapena mita ya gasi, ndipo umatha kupha munthu.

Ogulitsa andifunsa ngati denga langa ndi la masikuluwu oonekera. Akutanthauza chiyani?

Imani panja muyang'ane m'mwamba. Mukaona mitu ya masikuluwu itandandalika m'mizere, iliyonse ili ndi kawasha karabala pansi pake, ndiye limenelo. Ndi m'bale wake wa malata a IBR ndi amizeremizere amene timawadziwa. Ku America alipo otchedwa R-panel, amene nthiti zake zazikulu zimatalikirana mainchesi 12, ndi ena ofala pamagalaja ndi m'makola a ziweto amene nthiti zake zimatalikirana mainchesi 9. Ambiri ndi a geji 29 kapena 26, ndipo monga kwathu, nambala ya geji ikakwera ndiye kuti lata lapyapyala.

Mtundu winawo ndi standing seam, umene malata ake amalumikizana pamsoko woimirira ndipo zomangira zake n'zobisika. Pamenepo zotchinga zimangopana msokowo popanda kuboola. Ngati denga lanu ndi la masikuluwu oonekera, lilibe msoko woti n'kupana. Choncho mukaona pa intaneti zotchinga zolembedwa kuti sizifuna kuboola chifukwa zimapana, dutsani, si zanu.

Kodi pali lamulo londikakamiza kuziika?

Zimatengera kumene muli. Ku Norway malamulo a zomangamanga otchedwa TEK17, pandime 10-3, amanena kuti nyumba itetezedwe kuti chipale ndi madzi oundana zisagwere pamalo pamene anthu kapena ziweto zingakhale. Ku Germany maboma a mizinda ina ya kumwera amazilamula pamadenga oyang'ana kumsewu. Ku United States malamulo a zomangamanga amene zigawo zambiri zimatsatira, International Building Code ndi International Residential Code, sauza mwininyumba aliyense kuti aziike, koma matauni ena a m'mapiri ali ndi malamulo awoawo. Funsani ku ofesi yoona za zomangamanga ya mzinda wanu. Komabe ngakhale kumene kulibe lamulo lolembedwa, chipale cha padenga lanu chikavulaza wodutsa kapena kuphwanya galimoto ya mnansi, mlandu wake ukhoza kukugwerani inuyo.

Ngati sindikukakamizidwa, nanga lamulo la kulemera kwa chipale likundikhudza bwanji?

Apa ndi pamene pagona nkhani, ndipo ogulitsa ambiri amapalumpha. Denga lililonse m'mayiko amenewa limamangidwa poyembekezera kuti lidzasenza chipale cholemera mwakutimwakuti. Ku United States mainjiniya amawerengera potsatira mutu 7 wa buku la miyezo lotchedwa ASCE 7. Amayamba ndi kulemera kwa chipale chimene chimaunjikana pansi m'dera lanu, kenako amasintha nambalayo poona mphepo, kutentha kwa nyumba ndi kutsetsereka kwa denga.

Bukuli limalola injiniya kuchepetsa katunduyo ngati denga ndi lotsetsereka, loterera, lopanda chotchinga, ndiponso pansi pali malo okwanira ogwerapo chipale. Maganizo ake ndi akuti dengalo lizidzitula lokha. Tsiku limene mwakhoma zotchinga, chilolezo chimenecho chatha. Mwauza denga kuti lisenze zonse mpaka zisungunuke. Malamulo a ku Canada ali ndi mfundo yofanana nayo.

Ndiye funso loyamba si lakuti ndigule ziti, koma lakuti kodi matabwa a denga langa angasenze chipale chimene ndikufuna kusunga? Nyumba yogonamo yomangidwa motsatira malamulo kawirikawiri imakwanitsa. Chondidetsa nkhawa ine ndi galaja yakale, shedi, kapena kakhonde kowonjezera komwe mwini wakale anamanga yekha Loweruka. Pamenepo itanani injiniya musanagule kanthu.

Ndingadziwe bwanji kuti ndikufunika zingati?

Simuwerenga ndi maso. Pamafunika zinthu zinayi: kulemera kwa chipale komwe malamulo a dera lanu amayembekezera padenga, mtunda wochokera m'mphepete kukafika pamsana pa denga, kutsetsereka kwake, ndi mphamvu imene chotchinga chimodzi chinayesedwa nayo pamtundu wa denga ngati lanu. Nambala yoyambayo mukaitenge ku ofesi ya zomangamanga. Ku America adzakupatsani m'mapaundi pa fiti imodzi m'litali ndi m'lifupi, ndipo paundi imodzi pa malo otere ikufanana ndi makilogalamu pafupifupi 4.9 pa sikweya mita.

Miyezo ya ku Ulaya, EN 1991-1-3, imapereka njira yosavuta: tengani kulemera kwa chipale, chulukitsani ndi mtunda wochokera m'mphepete kukafika pamsana, woyezedwa chogona osati motsatira kutsetsereka, kenako ndi sine ya ngodya ya denga (nambala ya masamu imene kalikuleta imapereka), ndipo muyese kuti pakati pa chipale ndi denga palibe chogwira chilichonse. Tiyerekeze ndi manambala ongosankha. Chipale ndi makilogalamu 150 pa sikweya mita, mtunda ndi mamita 8. Pa mita iliyonse ya m'mphepete, pamwamba pake pali makilogalamu 1,200. Denga likamakwera mainchesi 4 pa mainchesi 12 aliwonse, limene amalitcha 4:12, gawo lokankhira kumunsi ndi pafupifupi makilogalamu 380. Likakhala la 6:12, lifika pafupifupi 540. Amenewo ndi matumba a chimanga khumi ndi limodzi akukankha mita imodzi yokha ya zotchinga zanu, usana ndi usiku.

Makampani odziwika monga S-5!, Alpine SnowGuards ndi Rocky Mountain Snow Guards amakuwerengerani ndi kukujambulirani kayalidwe kake mukawapatsa manambala amenewa. Wogulitsa amene akukuuzani chiwerengero asanafunse kumene mukukhala, musiyeni.

Ndisankhe ting'onoting'ono tomwazika kapena chitsulo chopingasa?

Zonse zimagwira ntchito zikawerengedwa bwino. Ting'onoting'ono timayalidwa m'mizere yosemphana ngati mapando a chimanga, ndipo timadalira kuti chipale chimangana chokha pakati pa kena ndi kanzake. N'totchipa pogula kamodzikamodzi, koma padenga lalitali pamafunika mizere ingapo kukwera m'mwamba, ndipo kalikonse kali ndi mabowo ake awiri kapena kuposa.

Chitsulo chopingasa chimakhala pamabulaketi okhomedwa m'mitanda, ndipo katundu amagawanika m'litali mwake monse. Kumene chipale chimagwa chambiri, kapena denga ndi lalitali ndi lotsetsereka, ine ndingasankhe chimenechi. Mabowo amachepa, ndipo mukudziwa bwino pamene mphamvu ikulowera. Vuto lake ndi lakuti mapale opyapyala a madzi oundana amatha kudutsa pansi pake, choncho pamwamba pa khomo onjezani timalilime tolendewera tomwe timatseka mpatawo. Onetsetsaninso kuti bulaketi ikugwirizana ndi kapangidwe ka lata lanu: ya malata amizeremizere siikhala bwino pa R-panel.

Zomata ndi guluu sizingakhale bwino, poti siziboola lata?

Zimakopa, makamaka kwa ife amene tinakula tikutchera mabeseni pansi pa bowo la msomali. Koma guluu amagwira penti, osati denga. Mitundu ina ya penti ya malata inapangidwa dala kuti dothi lisakangamire, ndipo guluu nayenso amavutika kugwira. Amafookanso ndi dzuwa komanso kutentha ndi kuzizira kosinthanasinthana. Guluu wofala pa ntchitoyi, SB-190, amafuna masiku 28 a nyengo yosatsika pa madigiri 10 kuti aume bwino. Munthu wokumbukira zotchinga mu Novembala, chipale choyamba chitamuopseza, wachedwa kale.

Ndipo kamodzi kakamatuka, katundu wake amapita kwa toyandikana nato, n'kumathothoka motsatizana ngati mano a nkhalamba. Denga lanu lili kale ndi masikuluwu mazanamazana. Ena owonjezera, oikidwa bwino, si amene angalidonthetse.

Nanga sikuluwu ilume pati?

Ilume chimene chili pansi pa lata: mtanda wa thabwa, mtanda wachitsulo, kapena matabwa oyalidwa pansi pa malata. Lata lokha silikwana n'komwe theka la milimita. Sikuluwu yogwira lata lokha imazuka n'kung'amba bowo lalitali, ndiye mwapeza mavuto awiri.

Kupeza mitanda n'kosavuta, popeza mizere ya masikuluwu akale ikukulozerani. Pamagalaja ndi makola ambiri mitandayo imatalikirana pafupifupi mainchesi 24, ndipo zotchinga ziyenera kutsata mizere imeneyo, osati pamene zikuoneka zokongola. Ngati pansi pali matabwa oyala, funsani kuti ndi ati. OSB, bolodi la tizidutswa ta matabwa tomatidwa pamodzi, ikakhala yopyapyala siigwira sikuluwu mwamphamvu ngati pulayiwudi yochindikala, ndiye chiwerengero cha zotchinga chimakwera. Mzere woyamba ukhale pamwamba pa khoma lakunja kapena kumtunda kwake pang'ono, osati kunsonga yolendewera imene ilibe chochirikiza.

Pali chinthu chimene chimadabwitsa akalipentala ochokera kwathu. Ife tinaphunzira kukhoma msomali pamsana pa lata kuti madzi asalowe. Kumeneko, pamalata anthiti, masikuluwu ambiri amalowa pamalo osalala pafupi ndi nthiti, chifukwa ndi pamene lata lagona pamtanda ndipo washa amapanikizika bwino. Tsatirani malangizo a wopanga chotchingacho. Pansi pake pakhale rabala kapena tepi yomata yotseka madzi yotchedwa butyl, ndipo musamange mopitirira mpaka washa kuphwanyika n'kutuluka m'mbali.

Bwanji ndingoika pamwamba pa chitseko pokha kuti ndisunge ndalama?

Ayi. Chipale si mchenga woti chimagawanika pamene mwafuna. Chimakhala chimphale chimodzi chogwirana. Mzere waufupi susenza chimene chili pamwamba pake chokha, umasenzanso cha m'mbali chimene chikukokera pansi, ndipo malo amene ukusenza amakulirakulira kukwera kumsana. Zotchinga za kumapeto ndi zimene zimayamba kuzuka. Tchingani mbali yonse ya dengalo kuchokera kothera kufika kothera. Ngati pali denga lapamwamba lothirira pa lapansi, yambani ndi lapamwambalo.

Za dzimbiri bwanji?

Musaike mkuwa pamalata okutidwa ndi zinki kapena Galvalume, yomwe ndi zinki yosakaniza ndi aluminiyamu. Mkuwa ndi malata otere zikakumana pali madzi, lata ndi limene limadyeka. Aluminiyamu ndi chitsulo chosachita dzimbiri ndizo zimagwiritsidwa ntchito kawirikawiri. Tizitsulo totsalira pobowola musese tsiku lomwelo, apo ayi mupeza madontho ofiira pa penti.

Kodi zithetsa madzi oundana amene amaunjikana m'mphepete n'kulowetsa madzi m'nyumba?

Sizithetsa. Vuto limenelo limachokera ku kutentha kothawira kudenga chifukwa chosowa zotchinjiriza kutentha pamwamba pa siling'i ndi mpweya wosayenda bwino pansi pa malata. Mankhwala ake ali m'kati mwa nyumba.

Ine ndine wa lendi. Ndingachitepo chiyani?

Musakwere padenga ndi kubowola, si lanu, ndipo lata lonyowa kapena lachisanu silikhululuka. Lemberani mwininyumba uthenga wosonyeza pamene chipale chimagwera, ndi zithunzi, ndipo sungani kope lake. Podikira yankho, sunthani galimoto, chotsani zoseweretsa za ana pansi pa mbali imeneyo, ndipo muzichenjera kwambiri masana a tsiku ladzuwa lobwera pambuyo pa chipale chambiri, makamaka kumbali ya denga yoyang'ana kumwera.