Ana asukulu ndi ntchito yosamala malo mu Lusaka: mafunso ndi mayankho

Kodi Keep Zambia Clean, Green and Healthy ndi chiyani?

Ndi ndondomeko ya boma yolimbikitsa ukhondo ndi kubzala mitengo. Anaiyambitsa ndi Pulezidenti Levy Mwanawasa mu 2007, ndipo Pulezidenti Edgar Lungu anaidzutsanso mu 2018, kolera itangosautsa anthu mu Lusaka. Sukulu nazo zili momwemo.

Nanga bwanji ana ambiri amaizemba?

Vuto tinaliyamba ndife akuluakulu. Mwana akachedwa m'mawa, amamuimitsa pageti, kumupatsa thumba kuti atole mapepala, anzake akumuseka pawindo. Ndiye Lachisanu, poyeretsa pasukulu, tizimuuza kuti kutola zinyalala ndi ulemu? Sangamve. Kwa iye tsache ndi chilango basi. Koma aphunzitsi akapinda malaya n'kugwira fosholo limodzi ndi ana, ngakhale anyamata ovuta a kumbuyo kwa kalasi aja amadzuka okha.

Chimawakopa kwenikweni n'chiyani?

Zimene aona ndi maso awo. Mwana wa ku komboni ya Kanyama safuna kuuzidwa za kusefukira kwa madzi. Amavula nsapato popita kusukulu nthawi ya mvula, ndipo amadziwa kuti ngalande yatsekeka ndi mabotolo ndi mapulasitiki. Ambiri akukumbukanso 2024, pomwe sukulu zinachedwa kutsegulidwa mpaka mu February chifukwa cha kolera, bwalo la masewera la National Heroes litasanduka chipatala. Yambirani pamenepo. Nkhani ya kusintha kwa nyengo padziko lonse ibwere pambuyo.

China ndi umwini. Kamtengo kobzalidwa pamwambo, alendo akuomba m'manja, kamauma sabata zisanathe. Koma kamtengo ka mango kopatsidwa kwa ana atatu, mayina awo atalembedwa pakathabwa, amakathirira ndi madzi a m'botolo lawo lomwe. N'chifukwa chake ndimakonda makalabu a Chongololo, ophunzitsa ana kusamala zachilengedwe: ana amalowa mofuna okha.

Lamulo la mapulasitiki likuti bwanji?

Statutory Instrument 65 ya 2018 inaletsa timatumba tapulasitiki topyapyala tosafika ma micron 30 kukhuthala kwake (micron ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita), ndipo oyang'anira ndi a ZEMA, bungwe la boma loona zachilengedwe. Komatu ngati pogulitsira zitumbuwa pasukulu pomwepo akukulungirabe m'timatumba totere, mwana atsatira zimene akuona, osati zolembedwa pakhoma.

Kusiyanitsa zinyalala kuli ndi phindu?

Kulipo, bola ana adziwe komwe zikupita. Akasankha mabotolo padera, mapepala padera, kenako n'kuona zonse zikuthiridwa m'galimoto imodzi yopita ku dzala lalikulu la ku Chunga, mawa sabwereranso, ndipo sindingawadzudzule. Musanagule mabini amitundumitundu, pezani kaye wogula mabotolo apulasitiki, poti mumzinda muno alipo. Ndalama yake, ingachepe bwanji, ilembedwe pabolodi, ndipo ana asankhe okha ngati igule mpira kapena sopo wa kuchimbudzi.