Bomba lagwa, iwe sunafe, nde mawa udzuka n'kutani?

Ntchito yanga ndi ya radiation m'chipatala, kujambula anthu ma X-ray komanso kuonetsetsa kuti mphamvu imeneyi isapyole muyezo, nde anthu akaonera filimu ya nkhondo ya nyukiliya amakonda kundifunsa kuti kodi zimenezi n'zoona kapena angofuna kutiopseza? Ndimayankha kuti zimatengera filimu yake. Alipo ena oti bomba limangokhala poyambira basi, kenako mwaona chimunthu chavala zachikopa chikuthamangitsana ndi zigawenga m'chipululu, amenewo ndi okoma kuonera koma lero tiwasiye. Ine ndikufuna aja amatenga mayi wa ana atatu, nkhalamba ziwiri zopuma pantchito, kamtsikana koyembekezera, n'kuwasiya amoyo bomba litaphulika kuti tione kuti atani.

Ambiri mwa abwinowo anatuluka pakati pa 1983 ndi 1986 ndipo sizinangochitika ayi. Mu September 1983 asilikali a Soviet Union anawombera ndege ya anthu ya ku South Korea n'kupha onse 269 amene anali momwemo, pofika November America inali itayamba kuika mizinga ya nyukiliya ya Pershing II ku West Germany, anthu ku Ulaya ndi ku America ankagona ndi mantha enieni. Mwezi womwewo, pa 20 November, kanema wa ABC anaonetsa The Day After, nkhani ya anthu a ku Lawrence ndi Kansas City ku America, ndipo anaonera anthu oposa 100 miliyoni. Ronald Reagan, pulezidenti wa America nthawi imeneyo, anaionera isanatuluke n'kulemba mu dayale yake kuti inamukhumudwitsa kwambiri. Kwa ine imeneyi ndi yofewa pa onse, eni ake omwe anachita kulemba kumapeto kuti zenizeni zingakhale zoipa kuposa zimene aonetsazo.

Imene ndimauza anthu kuti aonere akafuna kumvetsa matenda a radiation ndi katuni, inde katuni, When the Wind Blows ya 1986 yochokera m'buku la Raymond Briggs. Jim ndi mkazi wake Hilda ndi okalamba, akukhala kumudzi ku England, nkhondo ikuyandikira nde bamboyo akutsatira kabuku ka malangizo a boma mwaulemu wake wonse, wazula zitseko n'kuzitsamiritsa kukhoma kuti pakhale pobisala. Bomba likuphulika kutali, iwo apulumuka, akuseka, akuti zikhala ngati nkhondo ija ya Hitler tinaipirira ija, thandizo libwera. Kenako akutuluka panja, akutchera madzi a mvula, akumwa. Mutu wayamba kuwawa, kusanza, m'kamwa mukutuluka magazi, tsitsi la Hilda likuthothoka, ndipo chinthu chilichonse akuchipezera chifukwa china, mwina ndi ukalamba, mwina ndi mantha chabe.

Apa anajambula zoona ndithu. Bomba likaphulikira pansi limakoka dothi ndi phulusa kupita kumwamba, zimenezo zimasakanikirana ndi zotsalira za bombalo n'kumagwa ngati fumbi kapena mchenga kulikonse kumene mphepo yalowera, ngakhale makilomita mahandiredi kuchokera pamene laphulikira. Radiation yake siioneka, sinunkha, siwotcha pakhungu nthawi yomweyo. Imakonda kuwononga maselo amene amagawikana msanga, a m'mafupa mmene mumapangidwa magazi, a m'matumbo, a mizu ya tsitsi. Munthu amayamba ndi nseru ndi kusanza m'maola oyambirira, kenako, ndipo apa ndi pamene pamapusitsa anthu, amapeza bwino kwa masiku angapo mwina mpaka masabata, n'kumayenda bwinobwino kumaganiza kuti wachira, pomwe mkatimo magazi asiya kupangidwa. Pofika sabata yachiwiri kapena yachitatu chitetezo chatha, magazi sakuundana, kachilonda kakang'ono kamasanduka nkhani. Mafilimu ambiri amathamangira kuonetsa munthu akusungunuka pompo chifukwa kudikira masabata atatu sikugulitsa, nde ndikaona filimu yoti yasunga kanthawi kabodza kochira kaja ndimadziwa kuti olemba anafunsa madokotala.

Koma pali pamene ndimasiyana pang'ono ndi katuniyi. Imaseka malangizo a boma ngati zopusa zokhazokha, chabwino zitseko zija n'zoseketsadi, koma mfundo yoti khala mkati usatuluke ndi yolondola kwambiri. Mphamvu ya fumbi lija imatsika mofulumira poyamba: pakadutsa maola 7 imakhala itatsala gawo limodzi mwa magawo 10 a mmene inalili pa ola loyamba, pakatha masiku awiri limodzi mwa 100, pakatha masabata awiri limodzi mwa 1,000. Nde munthu amene wadzitsekera pakati pa nyumba ya makoma okhuthala masiku oyambirirawo ndi amene watuluka kukaona zomwe zachitika, mwayi wawo ndi wosiyana kutalitali. Zotsalira zina n'zamakani, iodine-131 theka lake limatha m'masiku 8 koma strontium-90 ndi caesium-137 zimafuna zaka pafupifupi 30 kuti theka lithe, ndipo zimalowa m'dothi, m'udzu, mumkaka.

Testament ya 1983 imaonetsa zomwezi koma mwakachetechete. Mulibe chimoto, mulibe nyumba zogwa, mwangowala pawindo basi, tauni yaing'ono ya ku California yatsala yonse bwinobwino koma bambo amene anapita kuntchito ku San Francisco sabwereranso, ndipo mayi, amene anasewera ndi Jane Alexander, akuika ana ake m'manda mmodzimmodzi. Pali pena akusoka nsalu yokulungira mtembo wa mwana wake wamkazi. Ine pamenepo ndinaimitsa kaye filimu.

Nde pali Threads. BBC, 1984, analemba ndi Barry Hines, malo ake ndi mzinda wa Sheffield ku England. Dzinalo likutanthauza ulusi ndipo imayamba ndi kangaude akuluka ukonde, kunena kuti moyo wa mumzinda ndi ulusi wolumikizana, madzi akudalira magetsi, magetsi akudalira mafuta, buledi akudalira lole, lole ikudalira msewu ndi munthu wolipidwa ndalama zoti zikugwirabe ntchito. Theka loyamba ndi nkhani wamba zedi, Ruth watenga mimba ya Jimmy, akukonza kanyumba koti akalowemo, nkhani za nkhondo zikungomveka pa wailesi chapansipansi anthu osalabadira. Bomba likagwa Jimmy akuthamanga kukafuna Ruth ndipo sitimuonanso, basi, palibe kutsanzikana palibe nyimbo yachisoni. Akuluakulu a khonsolo amene anapatsidwa udindo woyendetsa mzinda atsekeredwa pansi pa nyumba yawo yogumuka, akukangana pa mapepala mpaka kufera momwemo.

Gawo la kuchipatala ndi limene limandikhudza ine monga wantchito. Magetsi kulibe, madzi kulibe, mankhwala oletsa ululu atha, akudula anthu miyendo ali maso, akutsuka mabala ndi madzi a mchere. Wina anganene kuti akokomeza koma ku Hiroshima pa 6 August 1945 madokotala pafupifupi 9 mwa 10 alionse a mumzindawo anafa kapena kuvulala, ndipo pofika kumapeto kwa chaka chimenecho anthu pafupifupi 140,000 anali atamwalira, ndi bomba limodzi laling'ono poyerekeza ndi a masiku ano. Munthu mmodzi wopsa thupi kwambiri amafuna manesi angapo, madiripi ambirimbiri, magazi, chipinda chaukhondo, kwa masabata. Nanga akabwera 50,000 tsiku limodzi? Kusiyana kwake n'koti Hiroshima inalandira thandizo kuchokera kumizinda ina. Mu Threads kulibe kwina koti thandizo lichokere.

Ndipo filimuyi siimira pamenepo, imapita mpaka zaka 13 kutsogolo. Utsi wa mizinda yoyaka waphimba dzuwa, kwazizira, zokolola zalephera, anthu akulima ndi manja, malipiro ndi chakudya ndipo wosagwira ntchito sadya. Nkhani ya utsi imeneyi inali yatsopano nthawi imeneyo, wasayansi Carl Sagan ndi anzake anai anali atangoifalitsa mu magazini ya Science mu 1983. Asayansi akhala akukangana kuti kungazizire mpaka pati, koma kafukufuku amene anatuluka mu magazini ya Nature Food mu 2022 anawerengera kuti nkhondo yaikulu ya America ndi Russia ingaphe anthu oposa 5 biliyoni ndi njala, ambiri mwa iwo m'mayiko oti bomba silinagweko n'komwe. Mwana wa Ruth akukula osapita kusukulu, chilankhulo chake chaduka, akungotulutsa timawu tiwiri titatu. Chimenecho chimandiopsa kuposa chimoto chija, kuti ana angakule pakati pa mabuku ndi makina koma osadziwa kuti n'zachiyani.

Zolakwika zilipo ndithu. On the Beach ya 1959, anthu a ku Melbourne ku Australia akudikira mtambo wa radiation umene ukupha aliyense padziko pang'onopang'ono mpaka boma likugawa mapiritsi oti munthu afe mosavutika, ndi filimu yogwira mtima koma sayansi yake siyenda, fumbi likamayenda ulendo wautali chonchi kwa miyezi limamwazikana ndipo mphamvu yake imatsika, lingachulukitse khansa koma osati kusesa anthu onse. Chinanso ndi nkhani ya ana obadwa ngati zilombo imene opanga mafilimu amaikonda, ngakhale Threads yomwe imathera pa khanda lobadwa mochititsa mantha. Zimene madokotala anapeza ku Japan atatsatira opulumuka kwa zaka zambiri n'zakuti ana amene anali kale m'mimba bomba likuphulika, makamaka pakati pa sabata ya 8 ndi ya 15, ena anabadwa ndi mitu yaing'ono komanso ubongo wosakula bwino, ndipo khansa ya m'magazi inakwera pakati pa opulumuka patangopita zaka zochepa. Koma ana amene mimba zawo zinatengedwa pambuyo pake sanapezeke ndi zilema zochuluka moonekera kuposa ana ena onse.

Mfundo imeneyi ikanadziwika msanga bwenzi anthu ambiri atapepukidwa. Ku Japan opulumuka bomba amatchedwa hibakusha ndipo kwa zaka zambiri ankasalidwa pa ntchito ndi pa ukwati, anthu kuopa kuti matendawa ndi opatsirana kapena alowa m'magazi a banja. Black Rain ya Shohei Imamura ya 1989 ikukamba zimenezi, musaisokoneze ndi ina ya apolisi ya ku America ya dzina lomwelo imene inatuluka chaka chomwecho. Yasuko, mtsikana wa mufilimuyi, sanali pakati pa mzinda wa Hiroshima bomba likugwa, anangodonthedwa ndi mvula yakuda imene inagwa bomba litaphulika, patha zaka 5 akuoneka wathanzi, koma mwamuna aliyense wofuna kumukwatira akangomva mphekesera amabwerera. Amalume ake akuyenda ndi chikalata cha dokotala, akukopera dayale ya mtsikanayo tsamba ndi tsamba kuti asonyeze anthu kuti anali kutali, pomwe anzawo a m'mudzimo akumwalira mmodzimmodzi.

Mantha omwewo ndimakumana nawo mpaka lero, mayi ndangomujambula pachifuwa akundifunsa monong'ona kuti adokotala, mwanayu ndimunyamule kapena ndidikire kaye zichoke? Ndimamuuza kuti nyamulani mayi, X-ray yadutsa yapita, simunatsale nayo m'thupi. Ngakhale munthu amene wagweredwa fumbi la bomba, kungovula zovala zakunja kumachotsa pafupifupi 90 peresenti ya fumbilo, akasamba ndi sopo mutha kumugwira, kumudyetsa, kugona naye chipinda chimodzi.