Ofusayidi siyang'ana difenda womaliza yekha

Pa bwalo la mpira la Mulanje Park, goloboyi akatuluka n'kusiya difenda mmodzi pamzere wa golo, mbendera ikakwera anthu amakuwa: "Difenda analipotu kumbuyo!" Nthawi zambiri oyimbira amakhala akulondola.

Lamulo 11, la ofusayidi, limawerenga osewera awiri a timu yoteteza amene ali pafupi kwambiri ndi mzere wa golo; wolandira mpira sayenera kupitirira wachiwiriyo. Kawirikawiri mmodzi amakhala goloboyi, n'chifukwa chake timamuiwala. Akatuluka, difenda mmodzi sakwanira, pokhapokha wolandirayo ali kumbuyo kwa mpira kapena m'chigawo cha timu yake.

Choyang'ana ndi pamene mnzake akumenya mpira, osati pamene wolandira akuufikira. Manja sawerengedwa, ndipo kufanana mzere si mlandu. Wolandira mpira wa kona, woponyedwa ndi manja kapena wa golokiki alibe ofusayidi konse.