Kubwerera kuntchito mutadwala bipolar: kodi abwana adziwe?

Bipolar ndi matenda a maganizo amene amabwera ndi nyengo ziwiri. Nyengo ina munthu amatakasuka mopitirira muyeso: amagona maola awiri osamva kutopa, amalankhula mothamanga, amamwaza ndalama, sachedwa kupsa mtima. Nyengo ina amakhumudwa milungu ingapo, kudzuka pabedi kumakhala chintchito. Mankhwala akamuyanja, munthu amatha kugwira ntchito yake bwinobwino.

Tsiku lobwerera mugwirizane ndi achipatala amene amakuonani, kaya ku Zomba Mental Hospital, ku St John of God ku Mzuzu ndi Lilongwe, kapena kukiliniki ya maganizo pachipatala cha boma lanu. Ngati n'kotheka yambani ndi theka la tsiku.

Chimene chimagwetsa ambiri ndi tulo. Kusagona masiku awiri okha kukhoza kudzutsa matenda, n'chifukwa chake mashifiti a usiku, ngati a alonda ndi anamwino, ndi oopsa kwa inu. Kuchezera pasiwa nakonso n'chimodzimodzi. Pepesani anamfedwa, mukagone. Gonani maola 7 mpaka 9, nthawi yofanana tsiku lililonse. Mukayamba kugona pang'ono koma mphamvu zili tayale, pitani kuchipatala, musadikire tsiku la sikelo yanu ya mankhwala.

Musasiye mankhwala chifukwa mwapeza bwino. Ngati akukugonetsani masana, makamaka ngati mumayendetsa galimoto kapena makina, dokotala akhoza kusintha mlingo kapena nthawi yomwera. Amene mukumwa mankhwala a lithium: kutuluka thukuta kwambiri osamwa madzi okwanira, kapena kumwa Brufen ndi diclofenac, kumachulukitsa lithium m'magazi. Kusanza, kutsegula m'mimba, kunjenjemera kwambiri ndi kudzandira ndi zizindikiro zothamangira kuchipatala tsiku lomwelo. Amayi amene angatenge pathupi akambirane ndi dokotala za mankhwala a sodium valproate, chifukwa amatha kulumalitsa mwana m'mimba.

Nanga abwana? Kuwauza dzina la matenda n'kufuna kwanu. Ambiri akamva "matenda a maganizo" amangoganiza misala, ndipo nkhani ikatuluka sibwerera. Chofunika kuti adziwe ndi chimene mukusowa. Mukhoza kungoti: "Bwana, ndili ndi vuto la thanzi lomwe dokotala akundithandiza. Ndikupempha ndisamagwire usiku, komanso tsiku limodzi pamwezi ndizipita kuchipatala." Pemphani dokotala alembe kalata yonena zimenezi popanda kutchula matendawo.

Kunena zonse kumathandiza pamene munadwalira pantchito anthu akuona, chifukwa kukhala chete kumasiyira malo mphekesera zoti mumasuta chamba kapena munalodzedwa. Kumathandizanso ngati ntchito yanu ikukhudza miyoyo ya ena. Mukafuna kutero uzani munthu mmodzi, bwana wanu kapena a HR (oona za ogwira ntchito), muli bwino, kumbali, ndipo zomwe mwagwirizana zilembedwe. Fomu ya zaumoyo ikafunsa mwachindunji musaname. Bodzalo ndi limene lingadzakuchotsetseni ntchito.

Lamulo la Employment Act la 2000 limaletsa tsankho chifukwa cha ulumali, ndipo kujomba kwakanthawi chifukwa chodwala si chifukwa chomveka chochotsera munthu ntchito. Mukakwanitsa miyezi 12 pantchito, muli ndi ufulu wa tchuthi chodwala cha milungu 4 pa malipiro onse ndi milungu 8 pa theka la malipiro chaka chilichonse, bola pakhale kalata ya dokotala. Akakuchotsani mopanda chilungamo, kadandauleni ku ofesi ya leba ya m'boma lanu pasanathe miyezi 3. Zikakanika kumeneko nkhani imapita ku khoti loona nkhani za ntchito la Industrial Relations Court.