Kuteteza Zipangizo Zoimbira Pamene Magetsi Akuthimathima

Pa ntchito yanga yokonza ndi kulumikiza zipangizo zoimbira, anthu ambiri amabwera ndi dandaulo lofanana: magetsi anathima, ndipo atabwerera kiyibodi sinayakenso, kapena sipika inayamba kulira mosokosera, kapenanso nyimbo imene inkajambulidwa pa kompyuta inakana kutseguka. Pafupifupi onse amakhulupirira kuti kuthimako ndiko kunawononga chipangizocho. Koma chipangizo chikangosowa magetsi chimaima monga mmene chimaimira mukachizimitsa nokha, ndipo sichipsa chifukwa cha zimenezo, ngakhale kuti ntchito imene chinali kusunga ingatayike. Chimene chimawononga ndi zimene zimachitika magetsi atatsala pang'ono kuthima, pamene mphamvu yake ikufooka, ndiponso pa nthawi imene akubwerera ali osakhazikika.

M'maiko ambiri a mu Africa, ku Ulaya ndi ku Asia, magetsi a m'nyumba amakhala a mavolti pafupifupi 230, pomwe ku North America amakhala 120. Magetsi akamabwezeretsedwa pa chingwe chimene chimadyetsa nyumba zambiri, mafiriji, mapampu a madzi ndi mamota onse amene anasiyidwa oyatsa amadzuka nthawi imodzi, motero mavolti amagwa n'kukweranso mwadzidzidzi, ndipo si zachilendo kuti magetsiwo athimenso pakangopita masekondi ochepa. Kugwedezeka kumeneku kumagwera pa gawo lolandira magetsi la m'kati mwa chipangizo, ndipo n'chifukwa chake gawoli ndilo timalipeza litapsa kawirikawiri. Kufooka kwa magetsi nakonso kumawononga mwakachetechete, chifukwa mavolti akatsika, zipangizo zambiri zamakono zimakoka magetsi ochuluka kuti zigwirebe ntchito yomweyo, ndipo zimatentha kupitirira muyezo. Choopsa kuposa zonsezi chimachitika waya wa neutral (waya umene magetsi amabwererapo) akaduka kapena akamasuka panjira yochokera ku transifoma, pakuti soketi yoyenera kupereka mavolti 230 ingathe kufika pafupi ndi 400. Mukaona mababu ena akuwala mopitirira pamene ena akuwala mofooka, zulani zonse nthawi yomweyo ndipo muitane katswiri wa magetsi.

Malangizo anga onse agona pa mfundo imodzi, yakuti zipangizo za woimba zili m'magulu awiri amene amafuna chitetezo chosiyana. Gulu loyamba ndi la zipangizo zimene siziyenera kuzimitsidwa mwadzidzidzi chifukwa zimakhala zikusunga kapena kulemba kanthu: kompyuta, audio interface (kabokosi kolowetsera mawu a maikolofoni ndi zoimbira mu kompyuta), hard disk yakunja, chojambulira mawu chimene chimalemba pa SD card, mikisa ya dijito, ndi kiyibodi imene mwalowetsamo mawu anuanu. Gulu lachiwiri ndi la zipangizo zimene ziyenera kukhala zozimitsidwa mpaka magetsi atakhazikika, zomwe ndi ma amplifier, masipika okhala ndi amplifier m'kati mwake, ndi ma subwoofer (masipika a mawu a besi). Vuto limene ndimaliona nthawi zambiri ndi lakuti munthu amagula chotetezera chimodzi n'kulowetsamo zonse, akuyembekeza kuti chigwira ntchito ziwiri zosiyanazi.

Gulu loyamba limafuna UPS, kabokosi kokhala ndi batire kamene kamayamba kupereka magetsi a pakhoma akangotha. Ntchito yake ndi kukupatsani mphindi zisanu kapena khumi zoti muimitse kujambula, musunge ntchito yanu, ndi kuzimitsa zonse mwadongosolo, ndipo amene akuyembekeza kuti imupititsa patsogolo ndi dansi usiku wonse wagula chinthu cholakwika. Ma UPS ali mitundu itatu. Wotchipa, wotchedwa standby, umadikira magetsi athime ndiyeno umasinthira ku batire m'kanthawi kosafika gawo limodzi mwa magawo 100 a sekondi, nthawi imene makompyuta ambiri amatha kupirira. Wachiwiri, wotchedwa line-interactive, umachitanso chimodzimodzi, koma uli ndi luso lina lokweza mavolti akatsika ndi kuwatsitsa akakwera popanda kudya batire, ndipo kwa anthu ambiri a situdiyo yaing'ono uwu ndiwo ndimaulimbikitsa. Wachitatu, wa online, nthawi zonse umapanga magetsi akeake oyera kuchokera ku amene walandira, kotero palibe mpata uliwonse wosinthira. Ndi wodula, ndipo fani yake imalira mosalekeza, choncho suyenera kukhala m'chipinda chimene muli maikolofoni.

Pali zinthu ziwiri zoyenera kuwerenga pa bokosi musanagule. Choyamba ndi mtundu wa magetsi amene UPS imatulutsa ikakhala pa batire. Magetsi a pakhoma amakwera ndi kutsika mosalala ngati funde la panyanja, pomwe ma UPS ndi ma inverter (zipangizo zosandutsa magetsi a batire kukhala ngati a pakhoma) otchipa amatulutsa funde lodumphadumpha ngati masitepe. Zipangizo zokhala ndi transifoma yolemera m'kati zimang'ung'udza ndi kutentha zikapatsidwa magetsi otere, phokosolo limatha kulowa mpaka m'mawu amene mukujambula, ndipo makompyuta ena amphamvu amangozimiratu pa nthawi yomwe UPS yasinthira ku batire. Pa zipangizo zoimbira, funani yolembedwa kuti pure sine wave, kutanthauza funde losalala ngati la magetsi a pakhoma. Chachiwiri ndi kukula kwake. Nambala yaikulu ya pa bokosi imakhala ya muyezo wotchedwa VA, koma zipangizo zanu zimawerengedwa mu mawati, ndipo pa ma UPS ang'onoang'ono ambiri 1000 VA imakhala mawati pafupifupi 600 okha. Phatikizani mawati olembedwa kumbuyo kwa chipangizo chilichonse chimene mukufuna kulumikiza, ndipo musankhe UPS imene idzatsalabe ndi mpata woonekera bwino, chifukwa yodzaza mpaka pakamwa imangokhala mphindi ziwiri kapena zitatu.

Batire ya m'kati mwa UPS imakalamba ngakhale magetsi asanathimepo n'kamodzi komwe. Mabatire a mtovu amene amaikidwamo kawirikawiri amakhala zaka zitatu mpaka zisanu, ndipo kutentha kumawafupikitsira moyo kwambiri: m'chipinda chotentha ndi madigiri pafupifupi 10 pamwamba pa 25, zakazo zimatsika ndi theka. Ndaonapo ma UPS ambiri amene nyali yake yobiriwira inkayaka bwinobwino, koma magetsi atathima anazima limodzi ndi kompyuta. Choncho pakapita miyezi ingapo, sungani ntchito yanu yonse, muzimitse switch ya pakhoma, ndipo muone ndi maso anu kuti ikukhala mphindi zingati.

Tsopano tibwere ku gulu lachiwiri. Amplifier imakoka magetsi ochuluka kwambiri pa mphindi imene ikuyaka, moti ingathe kugwetsa UPS yaing'ono n'kuzimitsa kompyuta imene mumafuna kuteteza, ndipo palibe chimene amplifier imataya ikazima. Chimene imafuna ndi chotchinga chimene chimadula magetsi mavolti akatsika kapena akakwera mopitirira, ndiyeno n'kudikira kanthawi magetsi akabwerera chisanawalole kudutsa. Zotchinga zotere n'zofanana ndi zimene anthu amaika pa firiji kapena pa wailesi yakanema, ngakhale kuti muyenera kuonetsetsa kuti chanucho chingathe kusenza katundu wa amplifier yanu. Ngati mulibe, dzanja lanu lingagwire ntchito yomweyo: magetsi akangothima, zimitsani ma amplifier ndi masipika onse, ndipo akabwerera dikirani mphindi zingapo musanayatse chilichonse.

Ndondomeko yoyatsira ndi yofunika kwambiri, ndipo sifuna ndalama. Mikisa, kiyibodi ndi audio interface zimatulutsa kugunda kwamphamvu pa mawaya a mawu pamene zikuyaka kapena kuzima. Amplifier ikakhala kuti ndi yoyaka kale, imakuza kugundako n'kukutumiza ku sipika, ndipo timasipika tating'ono ta mawu apamwamba sitichedwa kupsa. Choncho amplifier iziyatsidwa pomalizira ndipo izizimitsidwa poyambirira. Magetsi akabwerera zonse zili zoyatsa, ndondomekoyi imasokonekera chifukwa zonse zimadzuka pamodzi, ndipo masipika ambiri amene eni ake amati anapsa ndi magetsi anaphedwa ndi kugunda kumeneku.

Ponena za ma extension olembedwa kuti surge protector, ndi othandiza koma anthu amawadalira mopitirira. M'kati mwake muli kachipangizo kotchedwa varistor, kamene kamapatutsa mphamvu yokwera mwadzidzidzi kwa kanthawi kochepetsetsa. Sikathandiza magetsi akathima kapena akafooka, ndipo kamatha pang'onopang'ono nthawi iliyonse imene kagwira ntchito, mpaka extension yonseyo imasanduka wamba ngakhale ikuperekabe magetsi. Nyali yosonyeza chitetezo ikazima, gulani ina. Chitetezochi chimadaliranso waya wa earth (wopititsa pansi magetsi osochera) wolumikizidwa bwino, ndipo pano ndiyenera kuchenjeza mwamphamvu za chizolowezi chodula earth pa pulagi pofuna kuthetsa phokoso long'ung'udza m'masipika. Phokosolo likhoza kutha ndithu, koma tsiku limene waya wamoyo adzakhudze chitsulo cha amplifier, magetsiwo adzafuna njira yopitira pansi kudzera mwa munthu amene wagwira zingwe za gitala kapena amene mlomo wake wakhudza maikolofoni, ndipo oimba afapo mwanjira imeneyi. Phokoso lotere limathetsedwa pa waya wa mawu, pogwiritsa ntchito kabokosi kotchedwa DI box kokhala ndi ground lift (switch yodula earth ya pa waya wa mawu yokha), earth ya magetsi ili yolumikizidwabe.

Jenereta imabweretsa mavuto akeake. Iyambe yayaka ndi kukhazikika musanalumikize zipangizo, ndipo muzichotse musanaizimitse. Musalole kuti mafuta athe zipangizo zili zolumikizidwa, chifukwa injini ikamatsamwa, mavolti amakwera ndi kutsika mosalamulirika kwa masekondi angapo. Liwiro la injini ndilo limalamulira kuti magetsi apite ndi kubwerera ka 50 kapena ka 60 pa sekondi, ndipo zipangizo zina zakale zimadalira nambala imeneyi mwachindunji. Ogani ya Hammond ya mtundu wa tonewheel, imene mawu ake amapangidwa ndi timawilo tozunguzidwa ndi mota, mwachitsanzo, imatsika kapena kukwera mawu onse jenereta ikasintha liwiro. Majenereta a inverter amatulutsa magetsi osalala ndi okhazikika, ndipo ndiwo oyenera zipangizo zoimbira. Jenereta ilumikizidwe ku nyumba kudzera pa changeover switch (switch yosinthira pakati pa magetsi a pa chingwe ndi a jenereta) yoikidwa ndi katswiri, kuti magetsi ake asabwerere pa chingwe n'kupha wogwira ntchito pa polo, ndipo nthawi zonse ikhale panja, kutali ndi mawindo, popeza utsi wake uli ndi mpweya wakupha umene sununkha.

Pali ntchito imodzi imene sindiichita popanda UPS kapena batire yodzaza, ndiyo kulowetsa firmware (pulogalamu ya m'kati yoyendetsa chipangizo) yatsopano mu kiyibodi kapena mikisa. Magetsi akathima ntchitoyi ili pakati, chipangizocho chingatsale chopanda pulogalamu yoyambira, osayakanso ngakhale palibe chimene chapsa m'kati mwake. Pojambula, yatsani autosave mu pulogalamu yanu kuti izisunga ntchito payokha, ndipo ntchito iliyonse yofunika ikhale m'malo awiri osiyana. Amene ali ndi makiyibodi akale, monga Yamaha DX7 imene inatuluka mu 1983, adziwe kuti mawu amene anasungamo amagwiridwa ndi kabatire kakang'ono ka m'kati, ndipo kakatha, mawuwo amafufutika chipangizocho chikangozima. Mawuwa angathe kukoperedwa ku kompyuta kudzera pa waya wa MIDI (waya wolumikizira kiyibodi ndi kompyuta), ndipo ndi bwino kuchita zimenezi kabatireko kasanasinthidwe.

Mphenzi ikagwa pafupi, mphamvu yake imaposa chotetezera chilichonse cha pa soketi, ndipo kuzimitsa switch sikokwanira chifukwa mpata wa m'kati mwake ndi waung'ono kwambiri moti mphamvuyo imaudumpha. Imalowanso kudzera pa waya wa intaneti, pa waya wa mlongoti wa wailesi yakanema, ndi pa mawaya aatali a masipika kapena a maikolofoni ochokera ku nyumba ina. Mvula ya ziphaliwali ikamayandikira, kapena mukamachoka kwa masiku angapo, zulani mapulagi pakhoma pamodzi ndi mawaya onsewa. Kuti zimenezi zisamavute, ndimalumikiza zipangizo za situdiyo m'njira yoti zonse zithere pa mapulagi awiri osavuta kuwafikira, imodzi ya UPS ndi ina ya ma amplifier, kuti munthu aliyense amene ali m'chipindamo athe kuzizula ngakhale mumdima.